Mphunzitsi Wodziphunzitsa Yekha za Kompyuta: Chinenero Chachiŵiri Chikhale Chiti?

M'makoleji athu a uphunzitsi masiku ano muli kagulu ka anyamata ndi atsikana amene adadziphunzitsa okha kulemba mapulogalamu a kompyuta. Kagulu kameneka nkochepa ndithu, koma kakunka nikakula. Ena adayambira pa foni ya mbale wawo, ena pa kompyuta yakale ya ku ofesi ya parishi, ndipo ena adalaŵako pang'ono ku sekondale, kenaka nkumapitiriza okha usiku anzawo atagona. Akafika pamene atha kulamula makina kuti aŵerengere, abwereze ntchito ndi kusankha pakati pa njira ziŵiri, onse amaima pa mphambano imodzi. Chinenero choyamba achigwirako. Tsono chachiŵiri chikhale chiti?

Funso limeneli si laling'ono monga momwe lionekera. Mphunzitsi wa ku pulayimale alibe nthaŵi yotaya. Masana ali pa bolodi ndi ana odzaza chipinda, madzulo akuchonga makope ndi kukonzekera phunziro la maŵa, Loŵeruka ali kumunda kapena kumaliro. Maola amene atsala ndi oŵerengeka, ndipo bandulo ya intaneti igulidwa ndi ndalama imene ikadagula ndiwo. Munthu wotere akasankha molakwa amataya chaka chathunthu, ndipo kaŵirikaŵiri amataya ndi mtima womwe, nkumadziuza kuti nzeru za kompyuta nza anthu a m'tauni. Ife maganizo athu ndi aŵa: chinenero chachiŵiri chisankhidwe ndi ntchito imene ili pa tebulo la mphunzitsi, ndipo kwa ambiri a inu ntchitoyo ikuloza ku SQL, chinenero chosatchuka chimene achinyamata sachithamangira. Koma tisanafike kumeneko, tiyambe tapita ku Nzama.

M'mwezi wa Julaye 1901 amishonale atatu a chipani cha Montfort, Pierre Bourget, Augustin Prézeau ndi Antoine Winnen, adafika ku Nzama m'mapiri a Ntcheu, m'dziko la mfumu Njobvuyalema, nakhazikitsa mishoni ya Katolika yoyamba kukhalitsa m'dziko muno. Taonani zinenero zimene zidawazinga. Pakati pawo ankalankhula Chifalansa. Pa guwa ankapemphera m'Chilatini. Ku boma kudali Chingerezi, ndipo kutsidya kwa malire, kumene si kutali ndi Nzama, kudali Chipwitikizi. Eni dziko adali Angoni a kwa Maseko, ndipo chinenero cha ulemu, cha mafumu ndi cha nyimbo za ngoma, chidali Chingoni. Munthu wofuna chinenero chomveka dzina akadatola chimenechi. Komatu Chingoni chidali chitayamba kale kuzilala m'makomo. Amayi pamtondo ndi ana kubusa ankalankhula Chinyanja. Nchifukwa chake sukulu imene idatsegulidwa pa Nzama m'chaka cha 1902 idayenda m'Chinyanja, ndipo katekisimu ndi kaŵerengedwe ka ana zidatsata njira yomweyo. Adaphunzira chinenero cha anthu amene adayenera kulankhula nawo tsiku ndi tsiku.

Wophunzira za kompyuta nayenso ali ndi amene ayenera kulankhula nawo. Pali ntchito imene afuna kuigwira, pali makina amene ali nawo m'manja, ndiponso pali anthu amene angamuthandize akathedwa nzeru. Zitatu zimenezi ku Nzama nzosiyana ndi momwe ziliri ku Berlin kapena ku Bangalore, koma uphungu wambiri umene mumaŵerenga pa intaneti udalembedwera anthu a kumeneko. Chaka chilichonse a Stack Overflow amafunsa olemba mapulogalamu za zinenero zimene amazikonda, ndipo a TIOBE amatulutsa mndandanda wa zinenero zotchuka mwezi ndi mwezi. Zimenezi si zabodza ayi. Koma oyankha mafunsowo ambiri ali ku America, ku Ulaya ndi ku India, m'maofesi mmene magetsi sazima ndi intaneti siŵerengedwa mtengo. Akatamanda Rust, imene idakhwima m'chaka cha 2015, kapena Go, imene a Google adaitulutsa mu 2009, akunena zoona za ntchito zawo, zomanga makina aakulu otumikira anthu mamiliyoni. Mphunzitsi wa Sitandade 6 alibe ntchito yotero. Kalembera wa 2018 adapeza kuti pafupifupi banja limodzi lokha mwa mabanja khumi m'Malaŵi ndilo linkaunikira ndi magetsi, ndipo kumidzi chiŵerengerocho chidali chotsika koposa. Amene atchaja foni pa sola ya ku golosale asatengere uphungu wa munthu amene sadaonepo batire ikutha pakati pa ntchito.

Chinthu choyamba chimene tikupempha nchoŵaŵa kumva: ambiri amene afunsa za chinenero chachiŵiri sadamalize choyamba. Adatsata maphunziro a pa YouTube mpaka kumapeto, adalemba zonse zimene mphunzitsi wa pa kanemayo adalemba, ndipo zidayenda. Koma mukawapatsa tsamba loyera nkuti, "Tilembere pulogalamu yoika ana aŵa pa manambala malinga ndi malikisi awo," manja amauma. Pamenepo mtima umanong'ona kuti vuto ndi chinenerocho, kuti mwina china chikhala chofeŵa. Motero munthu amachoka ku Python kunka ku Java, kuchoka ku Java kunka ku C++, ndipo pakutha zaka ziŵiri amadziŵa kupereka moni m'zinenero zisanu koma sangathe kukamba nkhani m'chimodzi. Akulu adaona kale khalidwe lotere pamene adati ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Inu amene mukuphunzira uphunzitsi mukuidziŵa bwino nthendayi, chifukwa mudzaipeza mwa ana anu. Mwana amene aimba matebulo a kuchulukitsa mokweza pamodzi ndi anzake, koma nkulephera kupeza mtengo wa mazira 7 pamsika, sadaphunzire kuchulukitsa, adaphunzira nyimbo. Muyeso umene tiyesa nawo ana tidziyese nawo ndi ife. Chinenero choyamba chatha pamene mwalemba nacho pulogalamu imodzi, ngakhale yaing'ono, imene munthu wina wakhala akuigwiritsa ntchito teremu yonse inu palibe. Pamenepo mpamene mudzaona zimene kanema sakuuzani: kuti mnzanu adzalemba dzina la mwana pamalo pa malikisi, kuti ana aŵiri adzafanana dzina ndi mfunda womwe, kuti wina adzasiya malo opanda kanthu chifukwa mwana adadwala tsiku la mayeso, ndipo pulogalamu yanu idzamuika pomaliza ngati kuti adapeza 0. Kukonza zotere ndiko kuphunzira kwenikweni. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene adasiya sukulu pa nthaŵi ya njala ya 2001 ndi 2002, sadayembekeze kuŵerenga mabuku onse a m'laibulale. Adakakamira pa buku lotchedwa Using Energy ndi pa chosoŵa chimodzi, ndicho kuunika m'nyumba, mpaka makina ake oyendera mphepo adayatsa babu.

Tinene kuti muyeso umenewu mwaupyola. Kwa ambiri chinenero choyambacho ndi Python, chimene Guido van Rossum adachitulutsa mu 1991, ndipo mudachita bwino kuyambira pamenepo: chimaŵerengeka mosavuta, nchaulere, ndipo chimayenda ngakhale pa foni ya Android kudzera mu Pydroid kapena Termux. Amene adayambira pa Scratch, yoyika malamulo ngati njerwa, asavutike nkufunsa. Apite ku Python. Amene adziŵa HTML yokha adziŵe kuti ali ndi njira yoyalira tsamba, koma sadayambe kulamula makina kuganiza. Koma kwa amene Python yakhazikika m'manja, tiyeni tione chimene chili pa tebulo.

Pa tebulo la mphunzitsi pali maina ndi manambala. Pali rejisitala ya tsiku ndi tsiku. Pali malikisi a m'kati mwa teremu ndi a mayeso a kumapeto. Pali mndandanda wa mabuku amene ana adabwereka, wa ana amasiye, wa obwereza kalasi, wa amene adasiya sukulu, ndi mafomu amene mphunzitsi wamkulu ayenera kutumiza kwa mlangizi wa zoni ndi ku boma. Chiyambire 1994, pamene sukulu za pulayimale zidakhala zaulere, makalasi adasefukira, ndipo mapepala ameneŵa adachuluka nawo. Chodandaulitsa nchakuti timawalemba ndi thukuta koma sitiwafunsa kanthu. Rejisitala ikadzaza imaponyedwa m'kabati kudikira chiswe. Chikhalirecho m'menemo muli mayankho a mafunso amene mphunzitsi aliyense wabwino amagona nawo. Ndi ana a mudzi uti amene amajomba kwambiri mvula ikakula? Kodi atsikana amayamba kutsika masamu m'kalasi iti? Ana amene adabwereza Sitandade 3 zidawathandiza, kapena adangotaya chaka? Kodi kujomba kumakwera pa nyengo yokumba mbatatesi, pamene makolo asoŵa manja onyamula matumba opita ku Tsangano kapena ku Lizulu?

SQL ndi chinenero chofunsira mafunso otere. Maziko ake adaikidwa ndi Edgar Codd wa ku IBM mu 1970, amene adaonetsa kuti mbiri ya zinthu isungidwe m'matebulo olumikizana, ndipo Donald Chamberlin ndi Raymond Boyce adakonza chinenerocho chapakati pa zaka za m'ma 1970. Zaka makumi asanu zapita, makina asintha kosaŵerengeka, koma mabanki, zipatala ndi makampani a mafoni akufunsabe mabuku awo m'chinenero chomwechi. Kusiyana kwake ndi Python ndi uku: mu Python mumauza makina njira, phazi ndi phazi, pamene mu SQL mumangonena chimene mufuna, njira nkuisiyira makina. Tiyerekeze kuti muli ndi tebulo lotchedwa ophunzira, lokhala ndi dzina, mudzi ndi masiku ojomba a mwana aliyense. Mukalemba

SELECT mudzi, AVG(masiku_ojomba) FROM ophunzira GROUP BY mudzi;

makina adzasonkhanitsa ana mudzi ndi mudzi, nakupatsani chiŵerengero chapakati cha masiku ojomba pa mudzi uliwonse. Mzere umodzi wokha wagwira ntchito imene ikadakudyerani Loŵeruka lonse. Onaninso kuti mawu a Chingerezi m'menemo ndi ochepa; maina a tebulo ndi a mizati yake ndi anuanu, ndipo palibe lamulo loletsa kuwalemba m'Chicheŵa. Ife tikulimbikitsa kutero, chifukwa mphunzitsi amene adzaloŵe m'malo mwanu adzamva msanga masiku_ojomba kuposa chidule chachilendo chimene inu nokha mukuchidziŵa.

Yankho likatuluka, ntchito ya uphunzitsi imayamba. Mukapeza kuti ana a tsidya la mtsinje ndiwo amasoŵa mu Januwale ndi Febuluwale, muli ndi chonena chogwirika pamaso pa komiti ya sukulu ndi nyakwaŵa, ndipo nkhani idzachoka pa kukalipira ana kunka pa kukonza mlatho. Mukapeza kuti ana khumi omwe adalephera kugaŵa ndi omwewo amene adalephera kuchotsera teremu yatha, mwadziŵa pobwerera. Tonse tidaphunzitsidwa kuti kuyesa ana cholinga chake nkuwongolera kaphunzitsidwe. Koma m'kalasi ya ana oposa 80 mawu ameneŵa amakhala a m'buku chabe, pokhapokha pakhale chida chothandiza maso a mphunzitsi.

Za makina musade nkhaŵa. Pali kapulogalamu kotchedwa SQLite, kamene Richard Hipp adakayamba m'chaka cha 2000. Sikasoŵa intaneti, sikasoŵa kompyuta yamphamvu, ndipo kamasunga zonse m'fayilo imodzi imene mungaikope pa memori kadi. Kali kale m'foni iliyonse ya Android, ndipo kamabwera pamodzi ndi Python. Ndiye kuti chinenero chachiŵirichi sichikuchotsani pa choyamba. Chikukhala pambali pake ngati mpini ndi khasu. Mfundo yathu yakale yoti phunziro lichoke pa zodziŵika kunka ku zosadziŵika yasungika. Mfundo ya TALULAR, yophunzitsa ndi zinthu zopezeka pamalopo, nayonso yasungika, pakuti rejisitala yanu ndiyo chipangizo chophunzirira, ndipo simudzasoŵa zitsanzo za masitolo a ku America zimene mabuku ambiri amapereka.

Alipo amene adzatsutsa kuti SQL si chinenero chenicheni cha mapulogalamu, chifukwa simungamange nacho seŵero kapena pulogalamu ya pa foni. Mkangano umenewu tiwasiyire okonda kukangana. Funso lathu ndi lakuti chitithandiza kapena ayi. Kutsutsa kolemera ndi kwina, kwakuti Excel kapena LibreOffice Calc ikhoza kugwira ntchito yomweyi popanda kuphunzira chinenero. Pamenepa tivomera theka. Pa kalasi imodzi ndi teremu imodzi, tsamba la Excel nlokwanira, ndipo mphunzitsi amene sadziŵa kulemba fomula yophatikiza malikisi ayambe waphunzira zimenezo asanapite kwina. Vuto limadza pamene mufuna kutsata mwana mmodzi kuchokera Sitandade 4 mpaka tsiku limene adzalembe mayeso a MANEB a Sitandade 8. Pamenepo masamba amachuluka, dzina limodzi limalembedwa njira zitatu, Chikondi wa chaka chino sadziŵika ngati ndi Chikondi wa chaka chatha, ndipo mumayamba kukopa ndi kumata mpaka mutasokera. SQL imakukakamizani kupatsa mwana aliyense nambala yake, kulemba dzina lake kamodzi kokha, ndi kulumikiza malikisi onse ku nambalayo. Mwambo woganiza moteremu ndi wamtengo kuposa mawu a chinenerocho, amene munthu wakhama angawagwire m'masabata oŵerengeka.

Pali aphunzitsi ena amene mtima wawo suli pa marejisitala koma pa kupanga kanthu koti ana agwire. Kwa ameneŵa yankho ndi JavaScript, chinenero chimene Brendan Eich adachilemba mofulumira ku Netscape mu 1995. Kufulumirako kudasiya zipsera, ndipo wochokera ku Python adzakhumudwa nazo. Mwachitsanzo, chinenerochi chikhoza kuphatikiza nambala ndi mawu osadandaula, nkukupatsani yankho lachabechabe mwakachetechete. Koma chili ndi mwaŵi umodzi umene zinzake zilibe: chimayenda m'pulogalamu iliyonse yotsegulira masamba a intaneti, popanda kuika china chilichonse. Mukalemba mafunso a masamu m'Chicheŵa m'fayilo imodzi ya HTML, mungaitumize pa WhatsApp kapena pa Bluetooth, ndipo ikhoza kutseguka pa foni ya kholo ngakhale netiweki itathaŵa. Pulogalamu ya Python siyenda mophweka chotero kuchoka m'manja mwanu kupita m'manja mwa wina. Chenjezo lathu ndi limodzi. Dziko la JavaScript ladzaza ndi zida zazikulu, monga React ndi Vue, zimene zimasintha kaŵirikaŵiri ndipo zimadya bandulo pozikoka. Zisiyeni poyamba. Chinenero chokhachokha nchokwanira pa ntchito ya kalasi. Ndipo musatenge SQL ndi JavaScript nthaŵi imodzi poganiza kuti mufulumira. Mapanga aŵiri avumbwitsa.

Tisabise, ena mwa inu mukuphunzira zimenezi ndi diso limodzi kunja kwa mpanda wa sukulu. Malipiro a mphunzitsi tonse tikuwadziŵa, ndipo sitikuweruzani, ngakhale tikadakonda kuti mukhale, chifukwa sukulu za kumidzi ndizo zikusoŵa anthu otere. Ngati cholinga ndi ntchito ya m'tauni, ŵerengani zimene olemba ntchito a ku Lilongwe ndi ku Blantyre akufuna, osati zimene zatchuka ku California. Mbiri ya kwathu konkuno ikuphunzitsa kanthu. Bungwe la Baobab Health, limene lidayamba kuika makompyuta ogwira ndi chala pa chipatala cha Kamuzu Central kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000, lidamanga mapulogalamu ake ambiri a odwala ndi Ruby, ndipo achinyamata a m'Malaŵi amene adadutsa kumeneko adaphunzira chinenerocho chifukwa ntchito idali kumeneko. DHIS2, imene Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsira ziŵerengero za zipatala, idachokera ku yunivesite ya Oslo ndipo maziko ake ndi Java. Masamba ambiri a mabungwe amayenda pa WordPress, ndipo maphunziro a pa intaneti a makoleji ambiri amayenda pa Moodle. Zonse ziŵiri zidalembedwa mu PHP. Zinenero ndi zosiyana, koma pansi pa zonsezi pali matebulo ofunsidwa ndi SQL. Choncho ngakhale wofuna kuchoka sataya kanthu potsata uphungu wathu.

Za mapulogalamu a pa foni tinene mwachidule. A Google adalengeza mu 2019 kuti Kotlin ndicho chinenero chimene aika patsogolo pa Android. Nchinenero chabwino, koma chida chake cholembera, Android Studio, chimafuna kompyuta yamphamvu ndi intaneti yambiri. Pa laputopu yakale yogula pa kaunjika mudzakhala mukudikira kuposa kulemba. Amene afuna kulaŵako ayambe ndi MIT App Inventor.

Mantha ena amene timamva ndi akuti chinenero chimene munthu wavutika nacho chikhoza kufa. Zimachitikadi. Python 2 idasiya kusamalidwa pa 1 Januwale 2020, ndipo Flash, imene idanyamula maseŵero ambiri a ana, idatsekedwa kumapeto kwa chaka chomwecho. Pascal, imene Niklaus Wirth adaikonzera kuphunzitsa mu 1970, idalera mbadwo wonse wa olemba mapulogalamu, koma lero olemba ntchito saifunsa kaŵirikaŵiri. Chikhalirecho amene adaphunzira Pascal bwino sadayambirenso pansi. Mwana wa ku Ntcheu akaphunzira kuŵerenga m'Chicheŵa, pofika pa Chingerezi saphunziranso kuti zilembo zimaimira mawu a pakamwa, kapena kuti tsamba liyambira kumanzere. Chimodzimodzi, kugaŵa vuto m'zidutswa, kutchula zinthu maina omveka, kuŵerenga uthenga wa cholakwa modekha m'malo mochita mantha, zonsezi zimasamuka nanu. Nchifukwa chake chinenero chachiŵiri chopindulitsa ndi chimene chikupatsani kaganizidwe katsopano. Kuchoka ku Python kunka ku Ruby kuli ngati kuchoka ku Chicheŵa cha ku Ntcheu kunka ku Chinyanja cha ku Chipata. Mudzafika msanga, koma mudzabwerako ndi zochepa.

Nanga bwanji ChatGPT ndi anzake, amene chiyambire kumapeto kwa 2022 akulemba mapulogalamu munthu akangowapempha? Ena ayamba kunena kuti kuphunzira chinenero kwatha ntchito. Mphunzitsi ndiye woyenera kuona msanga kupereŵera kwa maganizo ameneŵa. Palibe amene angachonge masamu amene iye sawadziŵa. Makinaŵa amalemba mwachangu ndiponso molimba mtima, ndipo akalakwa amalakwa molimba mtima momwemo. Adzakupatsani funso la SQL looneka bwino limene laŵerenga mwana mmodzi kaŵiri, kapena lasiya ana onse amene malo awo adali opanda kanthu, ndipo inu mudzanyamula chiŵerengero chabodza kupita nacho ku msonkhano wa makolo. Kwa munthu wa ku Nzama amene alibe mnzake wofunsa, makinaŵa ndi thandizo ndithu, makamaka pofotokoza uthenga wa cholakwa. Koma muziwafunsa monga mufunsira mlendo wodziŵa zambiri amene sadziŵa mudzi wanu. Funaninso anthu. Malo onga mHub, amene Rachel Sibande adawayambitsa ku Lilongwe mu 2013, ali kutali ndi mapiri a Ntcheu, koma mnzanu wa pa koleji pano amene mukuvutika naye limodzi ali pafupi. Musanabalalike kupita kumene boma likatumize aliyense, gwirizanani aŵiri kapena atatu pa chinenero chimodzi, kuti pulogalamu ya mmodzi iziŵerengedwa ndi wina. Chinenero chabwino pang'ono chimene muli nacho ndi mnzanu chiposa chabwino kwambiri chimene muli nacho nokha.

Tsono zonsezi ziloŵa bwanji m'kalasi? Sitikunena kuti mwana wa Sitandade 5 aphunzire SQL. Seymour Papert, wobadwira ku Pretoria, amene pamodzi ndi Wally Feurzeig ndi Cynthia Solomon adakonzera ana chinenero cha Logo mu 1967, ankalimbikira mfundo yakuti mwana ndiye azilamula kompyuta, osati kompyuta kulamula mwana. Mfundoyi ikutikhudza, chifukwa kuyambira 2023 boma lakhala likufikitsa matabuleti oyendera sola ku sukulu za pulayimale pansi pa ndondomeko ya BEFIT, okhala ndi maphunziro a kuŵerenga ndi masamu a bungwe la onebillion. Matabuletiwo amafunsa, mwana nkumayankha, ndipo pa ntchito imene adapangidwira ndi othandiza. Koma mbali inayo, ya mwana wopereka malamulo, idikira mphunzitsi, ndipo siisoŵa magetsi. Imikani ana asanu ndi atatu kutsogolo, muuze mmodzi kuti awandandike potsata msinkhu, koma aloledwe kuyerekeza aŵiri okha pa nthaŵi imodzi. Kenaka kalasi inene malamulo amene iye watsata. Jambulani tebulo pa bolodi la maina, midzi ndi zaka, nimuuze ana kuti aimirire okhawo amene ali a mudzi wakuti ndiponso apyola zaka khumi. Kenaka sinthani "ndiponso" kukhala "kapena", ana aone okha kuti oimirira achuluka. Mphunzitsi amene adalimbanapo ndi AND ndi OR pa makina adzaphunzitsa zimenezi ndi maso oŵala, chifukwa akudziŵa pamene mwana apunthwire.

Chatsala nchakuti matebulo amene tikukulimbikitsani kumangaŵa ndi a ana a eni. M'menemo mudzakhala zaka zawo, umasiye wawo, mwinanso matenda awo. Dziko lino lili ndi lamulo la 2024 loteteza mbiri za anthu, koma ngakhale lamulolo likadapanda kukhalapo, ulemu wa ntchito yathu ukadatiuza zomwezo. Pemphani chilolezo cha mphunzitsi wamkulu musanayambe. Lembani zokhazo zimene mufuna kuzifunsa. Foni kapena laputopu ikhale yokiya ndi nambala yachinsinsi. Pophunzira, kapena popempha thandizo kwa mnzanu wakutali ngakhale kwa ChatGPT, chotsani maina enieni muikemo opeka. Kopani fayilo pa memori kadi Lachisanu lililonse, kadiyo muisunge ku ofesi ya sukulu osati m'thumba limodzi ndi foni, ndipo rejisitala ya pepala ipitirire monga mwa malamulo a Unduna. Tsiku limene kalata yokusamutsani idzafike, fayiloyo itsale pa sukulu pamodzi ndi tsamba limodzi lolembedwa pamanja, lofotokoza tanthauzo la tebulo lililonse ndi mafunso asanu kapena asanu ndi limodzi amene woloŵa m'malo mwanu angayambe nawo, ndipo ya m'foni mwanu muifafanize.